Zala pa Galasi

Pa Chitakale, pakati pa wometa ndi wogulitsa mayunitsi,
ndili ndi kachipinda kotayipira makalata.
Laputopu yanga yakale inali yakufa khungu:
ukaikhudza kumaso, siinkatekeseka.
Anthu ankaikhudzabe.

Madzulo, kansanza kali m'manja,
ndinkawerenga pagalasi amene abwera tsikulo:
girizi wa mnyamata wa kabaza,
madzi onata a chinanazi,
choko cha aphunzitsi ofuna kusamutsidwa.
Aliyense amaloza pamene pakumuwawa.

Chinyezi cha chiperoni chitaipha,
mlamu wanga ku Joni ananditumizira ina,
yopyapyala, yomva chala.
Wisikoti wokonza mafoni anaitembenuza, nati:
"Galasi ndi la maso, achimwene,
zala zili ndi kwawo, pansipa pa mabatani.
Mkono uzikhala m'malere ngati ukuimitsa minibasi,
batire izitha ntchito ili pakati,
ndipo likadzasweka limeneli
mbuzi ziwiri zidzatuluka m'khola."

Sabata yoyamba ndinamuvomera.
Wina analoza pomwe ndalakwitsa dzina la mudzi,
ndime yonse inathawira m'mwamba.
Kamwana ka pamsana kanatambasula dzanja,
kalata ya ngongole inatsekeka ndisanaisunge.
Ndinalemba pakatoni: OSAKHUDZA.
Ndinayamba kuuza anthu kuti aziloza ndi pakamwa.

Lachinayi, phiri litabisala mu nkhungu,
analowa mayi Mulepa, nsalu yakuda ikadali kumutu,
kuti ndiwalembere kalata yopita ku esiteti
yofunsa ndalama za malemu amuna awo.
Katoni yanga sinawauze kanthu,
sukulu anaisiyira pakhomo.
Koma dzina limodzi ankalidziwa maonekedwe ake,
zaka makumi awiri akuliona pakhadi la kusikelo.

"Ali pati a Fakisoni?"
Ndisanayankhe anawapeza okha, mzere wachitatu.
Chala chinafika. Ndinagwira mpweya.

Galasi lili zii.

Chala chouma, chong'aluka,
chodetsedwa ndi utomoni wa tiyi mpaka m'mizere.
Anaseka pang'ono:
"Nalonso silikundidziwa.
Makina a pa malipiro amandibweza katatu,
amati zala zanga zinafufutika."

Anauzira mpweya m'manja monga m'mawa wa Juni,
nabwereranso ndi zala ziwiri,
chachikulu ndi chamkombaphala,
natsina monga atsinira nsonga ndi masamba ake awiri.
Dzina linachepa,
linachepa ngati munthu wotsetsereka m'mizere ya tiyi
kulowera ku Likhubula.
"Mayo!" Anatambasula zala
momwe amatayira tsamba m'dengu la kumsana,
ndipo a Fakisoni anabwerera,
anakula, anadzaza galasi lonse,
F wamtali ngati mlongoti,
mpaka ndalama ndi madeti zinasowa pokhala.

Sitinayankhule.
Wometa anazimitsa makina ake kuseri kwa khoma,
kapena magetsi ndiwo anathima, sindikukumbuka.
Anakhala choncho, chikhatho chili chapafupi,
osakhudza tsopano, kungowotha.

Kenaka anati, "Abwezereni m'malo mwawo,
abwana angaone ngati tikuwakalipira."
Ndinawabwezera. Ndinapulinta. Analipira.
Anapinda kalata kanayi, nalowa mu mvula.

Wisikoti amandifunsabe akamadutsa,
"Lija silinasweke?"
Silinasweke. Mkono umatopadi.
Ine ndimatayipabe ndi mabatani,
ndipo dzulo lomweli wina wandisokonezera CV ya masamba atatu.
Akandifunsa ngati makinawa ayenera kumva chala
ndimayamba ndi ayi,
n'kuima panjira.

Katoni ija ndinaikira kunsi kwa mwendo wa tebulo,
linkagwedera.
Ndipo Lachinayi lija sindinapukute galasi.
Timizere tiwiri tofiirira, totalikirana kumapeto,
tinagona pomwepo usiku wonse
mpaka m'mawa, pamene anafika woyamba pamzere
ndi kalata yake ya chindapusa.